MUDZI UMENE UNALI KUMERA: MBIRI YA KAMANGIDWE KWA JUMBE, KU MALAMBO

Mbiri ya mtundu wathu imakambidwa kawirikawiri potchula maina a mafumu, maulendo awo ndi nkhondo zimene anamenya, ndipo nkoyenera kutero. Koma ilipo mbiri ina imene siipezeka m'mabuku a kusukulu, ndiyo ya nyumba imene munthu wamba anali kugonamo, nkhokwe imene anali kusungiramo dzinthu, ndi mtengo umene akulu anali kukhala patsinde pake poweruza milandu. M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri imeneyi m'dera limodzi, dziko la Mfumu Jumbe m'boma la Mambwe, kumene msewu wochokera ku Chipata umatsikira ku chigwa cha Luangwa, chimene eni ake amachitcha Malambo. Chimene tifuna kuonetsa nchakuti mudzi wa makolo athu unali ndi mbali ziwiri: ina inali kumangidwa ndi manja, ina inali kumera yokha m'nthaka, ndipo ziwirizo zinali kudalirana.

Tiyambe ndi kupereka ulemu kwa eni nthaka. Dziko la Jumbe ndi la abale athu Akunda, amene anafika m'chigwachi m'theka loyamba la zaka za m'ma 1800 motsogozedwa ndi Mambwe, mwini dzina limene boma lija linatenga. Mafumu awo alipo asanu ndi mmodzi: Mfumu yaikulu Nsefu, kenaka Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro, ndipo mwambo wawo waukulu ndi Malaila monga wathu uli Kulamba. Akunda ndi Achewa akhala moyandikana ndi kukwatirana kwa mibadwo yambiri. Onse amalondola mtundu kuchikazi, ndipo mwa onse mkamwini anali kudziwika ndi nyumba imene wamanga kwa apongozi ake. Tasankha dera la Jumbe chifukwa lili pakati, pamene mapiri a kumtunda amatha ndi chigwa chimayamba. Munthu wa kumeneko anali kutha kusenda luzi la mombo ndi kudula nsungwi kumapiri, nadzatenga tsanya ndi mlaza kuchigwa, kotero kuti mamangidwe a mbali zonse ziwiri anakumana pakhomo pake.

MITENGO INALI KUSANKHA MALO

Akulu akafuna kusamutsa mudzi, anali kuyamba kufunsa mitengo. Pamene pamera tsanya yekhayekha ndi pa makande, dothi limene m'dzinja limasunga madzi ngati mbiya, m'chilimwe nkuuma gwa ndi kung'aluka. Tsanya alibenso mthunzi wodalirika, pakuti masamba ake, amene amakhala awiriawiri ngati mapiko a gulugufe, amapindika dzuwa likafika paliwombo ndipo kutentha kumangodutsa. Pamalo otere sanali kuikapo mudzi mwa kufuna. Koma pamene pali msikidzi, mchenja, mvunguti, bwemba ndi mkuyu, ankadziwa kuti nthaka ndi yakuya ndipo madzi ali pafupi. Ngakhale zinali tero, sanali kuthamangira kumanga pagombe penipeni, chifukwa Lupande, Lutembwe ndi Msandile ndi mitsinje imene imagona mchenga miyezi yambiri, koma ikadzuka siipempha njira. Chotero mudzi unali kuikidwa pa kachitunda, madimba nakhala kumunsi kumene madzi osefukira amasiya nthaka yachonde. Amene anaona chigumula cha Luangwa cha m'chaka cha 2007 ku Mfuwe adzavomereza kuti kuchenjera kumeneku sikunali kwa chabe.

Polambula malo a mudzi nkhwangwa inali ndi malire ake. Mlambe, bwemba, msikidzi ndi mkuyu zinali kusiyidwa, ndipo nyumba ndizo zinali kutsata mitengo. Pakapanda mtengo woyenera bwalo, anali kuzika nthambi yaikulu ya kachere, imene imagwira msanga ndi kutambasuka. Owerenga amene sanakhaleko ku Malambo m'mwezi wa Okutobala ayenera kudziwa kuti kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40. M'dziko lotere nyumba inali yogonamo usiku, yobisalamo mvula ndi yosungiramo katundu. Kusinja, kuluka mphasa, kusema mipini, kulandira alendo ndi kukamba milandu, zonsezi zinali kuchitikira pansi pa mtengo. Tinganene kuti chipinda chachikulu koposa zonse m'mudzi chinali mthunzi wa msikidzi, mtengo umene susiya masamba ake m'chilimwe, umenenso mbewu zake zinali kupereka mafuta odzola.

Panalinso nkhalango ina imene nkhwangwa siinali kulowamo konse, ndiyo ya kumanda. Kufikira lero, woyenda m'midzi ya Achewa akaona msitu wobiriwira pakati pa minda yoyera, safunsa kuti mumenemo muli chiyani. Ndimo mwatsala mitengo ya makedzana imene kwina konse inatha, ndimo mbalame ndi mileme zimatenga mbewu nkukazimwaza m'dziko.

KUMANGA NYUMBA

Kumanga kunali ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo inali kulamulidwa ndi udzu. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, zokolola zitalowa m'nkhokwe, akazi anali kupita kukamweta tsekera ndi udzu wina wofolera, naumanga m'mitolo ndi kuusanjika pa nsanja kuti chiswe chisaupeze. Tchire silinali kutenthedwa udzu usanamwetedwe. Mnyamata wofulumira ndi moto pofuna mbewa anali kupalamula mlandu kwa mudzi wonse, popeza watentha madenga a chaka chimenecho asanafike ndi pamudzi pomwe.

Amuna anali kudula nsichi za tsanya, mtengo wolemera umene mtima wake chiswe chimaulephera, nazizika mozungulira, nazilumikiza ndi mbaliro, namanga ndi luzi kapena mlaza wonyika m'madzi. Msomali panalibe ndi umodzi womwe. Tsindwi linali kulukidwa pansi, mapaso a nsungwi atakumana pamwamba ngati nthiti, ndipo likatha mwini nyumba anali kuitana anzake kuti adzalinyamule ndi kulikhazika pa chipupa. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga, umene masiku ano timaumva m'misonkhano ya chitukuko, unabadwira pa ntchito imeneyi, ndipo pamenepo unali wosafuna kumasulira. Pambuyo pake pankadza nsanamira za khonde, ndi ofolera oyamba kumunsi nakwera mzere ndi mzere, kuti dontho lililonse ligwere pa udzu wina kufikira litatsika pansi kutali ndi chipupa.

Kuphoma ndi kuzira inali ntchito ya akazi. Kumtunda, kumene kuli ng'ombe, ena anali kusakaniza ndowe m'dothi lozirira, koma m'chigwa kashembe sanali kulola ng'ombe, chotero amayi a kumeneko anadalira chulu. Dothi la pachulu ndi losalala ndi lomata chifukwa chiswe chinalitafuna kale ndi kulitulutsa pansi penipeni, ndipo likauma silisweka msanga. Pansi anali kutsira dothi lakuda la kudambo ndi kulikulunga ndi mwala kufikira litawala. Chulu chimenechi sichinali kuphwanyidwa chonse. Chinali ndi mwini wake, amene mvula zoyamba zikagwa anali kugwirapo inswa, ndipo m'mbali mwake anali kubzalamo maungu ndi fodya. Anali kungokumba mbali imodzi, chiswe nkumanganso.

Tikaiyang'anitsitsa nyumba imeneyi tiona kuti inali kupuma. Pakati pa chipupa ndi denga panali mpata wotulukira mpweya wotentha. Udzu wochindikala sulola dzuwa kulowa, ndipo dothi limachedwa kutentha masana, limachedwanso kuzizira usiku wa mu Juni. Khonde lalikulu linali kuteteza chipupa ku mvula ndi ku dzuwa lomwe. Utsi wa pamafuwa unali kukwera m'mapaso, mwaye nkuphimba udzu ndi ngala za mbewu zopachikidwa kudenga, kotero kuti anankafumbwe sanali kuyandikira.

Chachikulu koposa nchakuti zonse zimene nyumbayo inatenga kutchire zinali zobwereka. Udzu umamera chaka ndi chaka. Phata la nsungwi likadulidwa zokhwima zokha limatulutsa zina. Tsanya wamng'ono akadulidwa, chitsa chake chimaphuka mphukira zingapo, ndipo patapita zaka mwana wa wodula uja adzapezapo nsichi zake. Nyumba ikakalamba inali kugwa ndi kubwerera kudothi osasiya kanthu kolasa phazi. Mudzi ukasamuka, bwinja lake linali kusanduka munda wachonde koposa, wa phulusa, zitosi za nkhuku ndi madenga owola, ndipo mibadwo yapambuyo inali kuzindikira mabwinja ndi nsatsi zomera zokha, kenaka ndi mitengo ya mango.

Tisanamizane kuti zonse zinali zokoma. Denga la udzu limapsa, ndipo m'mudzi wothinana moto wa nyumba imodzi unali kutha kumaliza mudzi wonse ndi nkhokwe zomwe. M'ming'alu ya chipupa munali kubisala nkhufi ndi nsikidzi, m'denga makoswe, ndipo kumene kuli makoswe njoka siichedwa. Mpata uja wotulutsa kutentha ndiwo unali kulowetsa udzudzu. Kufolera kunali kubwerezedwa zaka zowerengeka zilizonse, ndipo mayi wamasiye wopanda mlongo kapena mkamwini anali kugona modontha. Amene amatamanda nyumba ya udzu ali m'nyumba ya malata m'tauni ayenera kukumbukira zimenezi.

Nkhokwe nayo inali ndi nzeru yake. Inali kulukidwa ndi nsungwi, nikhazikidwa pa miyala kapena pa mphanda za tsanya kuti mphepo idutse kunsi, ndipo kadenga kake kanali kochotseka. Mapira, amene anali chakudya chenicheni cha ku Malambo chimanga chisanafale, anali kupitiriza kuuma ali m'katimo. Kunsi kwa nkhokwe kunali kwa nkhuku, ndipo malipiro awo a malo anali kutola chiswe chilichonse choyesa kukwera mphanda.

MPANDA WAMOYO NDI MASIKU A NKHONDO

Mpanda wobzala ndi wakale pakati pa Amaravi. David Livingstone, amene anayenda m'midzi ya Amang'anja ku Shire ndiponso anadutsa dziko la Achewa nawoloka Luangwa mu Disembala 1866, analemba za midzi yozingidwa ndi nkhadze. Chomera chimenechi chimagwira pongozika kanthambi, sichifuna kuthirira, mbuzi siziidya kwenikweni, moto suchigwira msanga, ndipo utomoni wake ukalowa m'diso munthu saonanso njira tsiku limenelo. Mdani wofuna kuboola mpanda wotere usiku anali kuganiza kawiri.

Angoni atawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndipo makamaka a Mpezeni atakhazikika m'dziko lozungulira Chipata wa lero, kamangidwe kanasintha chifukwa cha mantha. Anthu anasiya timidzi tomwazikana nasonkhana m'malinga a mitengo ndi m'machemba a dothi, ena nathawira m'mapiri. Chigwa nachonso sichinapulumuke nkhondo zofunkha ndi ogula akapolo ndi minyanga. Linga linali kudya mitengo yambiri, koma omanga ochenjera anali kusakanizamo nthambi zaziwisi za mitengo yophuka monga kachere, mlombwa ndi mfula, kuti pamene nsichi zouma zikuwola, zaziwisizo zikhale zitagwira mizu. Koma moyo wa m'linga unali wothinana ndi wa matenda, ndipo minda yoyandikira inaguga chifukwa anthu anali kuopa kulima kutali. Apa ndi pamene mudzi unayamba kulephera kusamuka pa nthawi yake.

BOMA, MISHONI NDI MALATA

Ulamuliro wa Mpezeni unathyoledwa ndi asilikali a Azungu mu Januwale 1898, ndipo anthu anayamba kutuluka m'malinga. Koma ufulu womanga pamene munthu wafuna sunakhalitse. Pofika m'chaka cha 1901 boma la kampani ya British South Africa linali litaika msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu m'dziko la North-Eastern Rhodesia. Nyumba, imene kale inali nkhani ya banja ndi tchire, inasanduka chinthu chowerengedwa m'kaundula wa Bwanamkubwa. Ndalama za msonkho kunalibe m'chigwa, chotero amuna anauyamba ulendo wa ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake wa ku migodi ya mkuwa. Taonani tsono chimene chinachitika pamudzi: odula nsichi ndi onyamula tsindwi ndiwo anachoka, natsala akazi, ana ndi nkhalamba. Mwambi wa denga uja unawawa m'masiku amenewo.

Boma linafunanso midzi ikuluikulu yosasunthasuntha, yosavuta kuiwerenga. Panadza lamulo lakuti mudzi sulembedwa popanda amuna khumi okhoma msonkho. Amesenjala anali kuyendera midzi ndi kulamula kuti nyumba zikhale m'mizere, pabwalo pasesedwe mbee, tchire lozungulira lilambulidwe. Zina mwa izi zinali ndi chifukwa chomveka, pakuti matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi kashembe, anavutitsa kwambiri chigwa cha Luangwa m'zaka zimenezo, ndipo kashembe amakonda mithunzi ya zitsamba. Koma maganizo amene anatsala m'mitu ya anthu ndi akuti mudzi waukhondo ndi mudzi wopanda chomera, ndipo maganizowo sanachoke ndi Atsamunda m'chaka cha 1964. Lamulo la kalembera ndi chitukuko cha midzi la m'chaka cha 1971 linapitiriza kufuna midzi yosonkhana pamodzi, tsopano pa chifukwa cha zitsime, sukulu ndi zipatala.

Nyumba ya ngodya zinayi inadza ndi amishoni. Ku Msoro, kwa oyandikana ndi Jumbe, mpingo wa Anglican unafika cha m'ma 1910, ndipo wansembe amene anagwira ntchito yoyamba kumeneko anali Mchewa mnzathu, Leonard Kamungu wa ku Chia, amene anamwalira komweko m'chaka cha 1913. Ku Kamoto kunakhazikika a Dutch Reformed. Pa mishoni anyamata anaphunzira kuumba zidina, kuotcha njerwa, kupala matabwa ndi kuika mazenera, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi ndiye anali woyamba kugona m'nyumba yotere. Machona obwerera kwawo anadza ndi chitseko cha matabwa, loko, ndipo olemererapo anadza ndi malata. Kuyambira pamenepo denga linayamba kunena za ulemu wa munthu. Ife amene tinagwira ntchito m'boma tinali kulemba m'malipoti chiwerengero cha nyumba za malata monga muyeso wa chitukuko cha dera, pakuti ndiwo muyeso umene unalipo. Chiwerengero cha mitengo ya mthunzi sichinali kufunsidwa pa fomu iliyonse.

Mbali ina, tchire lotengako zomangira linali kuchepa. Tsidya la kumadzulo kwa Luangwa linapatulidwa kukhala malo a nyama m'chaka cha 1938, ndipo m'chaka cha 1972 linakhala South Luangwa National Park. Tsidya lino, m'dera la Lupande, anthu anachuluka, minda ya thonje inakula, ndipo msewu wa ku Mfuwe utaikidwa phula, simenti ndi malata zinayamba kufika mosavuta, makala nawonso nayamba kukwera mosavuta kupita ku Chipata.

Apa mpamene pagona nkhani. Nyumba ya njerwa siipsa chisawawa, siifuna kufolera chaka ndi chaka, ndipo ana angathe kuilandira ngati chuma cha masiye. Palibe angadzudzule mlimi amene wagulitsa thonje lake nagula malata kuti amayi ake agone pouma. Koma nyumba yakale inali kutenga timitengo tating'ono tophukanso, pamene uvuni wa njerwa umafuna zipika zikuluzikulu zoyaka usana ndi usiku, ndipo nkhuni yokondedwa ndi tsanya wokhwima, mtengo wokula pang'onopang'ono umene unamera agogo athu asanabadwe. Dothi la njerwa limakumbidwa pachulu kufikira chitatheratu, kapena m'mbali mwa mtsinje, nkusiya maenje osungira udzudzu. Mwini puloti watsopano amayamba ndi kugwetsa mtengo uliwonse, ina naotchera njerwa zake zomwe. Akatha, amakhoma malata pafupi ndi mutu, popanda siling'i, ndi tizenera tating'ono. Ikafika Okutobala nyumbayo imasanduka chiwaya, ndipo banja limatulutsa mphasa kukagona pabwalo, pamene pali udzudzu, afisi, ndiponso m'midzi ina njovu. Mthunzi wothawirako masana palibe, chifukwa unalowa mu uvuni.

KUMENE NZERU INAKABISALA

Chodabwitsa nchakuti luso lomanga ndi udzu silinafe m'chigwa, linangosamuka. M'chaka cha 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu yaikulu Nsefu kupatula mbali ya dziko lake kuti alendo azidzaona nyama ndipo ndalama zake zizipita kwa eni dziko. Kuchokera pamenepo panabadwa misasa ya alendo ya m'Luangwa. Ingapo mwa misasa ya m'katikati mwa tchire imamangidwa mwatsopano chaka chilichonse mvula ikatha, ndi mitengo, bango, udzu ndi mlaza, pansi pa michenja ndi misikidzi, ndipo mvula ikayandikira imapasulidwa, mtsinje nkutenga malo ake. Omanga ake ndi amuna a m'midzi ya Akunda, ndipo nzeru imene amagwiritsa ntchito ndi ija ya agogo awo. Mlendo wochokera ku London kapena ku New York amalipira pa usiku umodzi ndalama imene mlimi wa thonje angaiyembekeze miyezi, kuti agone m'chipinda cha bango chimene mwana wa sukulu wa kwa Jumbe angachite nacho manyazi.

Ku Mfuwe Lodge kuli chitsanzo china chimene chadziwika dziko lonse. Mkati mwa malowo muli mtengo wa mtondo umene njovu zinazolowera kudya zipatso zake. Cha mu Novembala zipatso zikapsa, banja la njovu limakwera masitepe, nkudutsa m'chipinda cholandiriramo alendo, nkukadya, nkubwerera. Eni malo sanadule mtengowo kapena kutseka njira. Anthu ndiwo amapatuka.

Kunja nakonso akatswiri olemba mapulani a nyumba atembenukira ku zamoyo. Mu mzinda wa Harare muli nyumba yaikulu ya masitolo ndi maofesi yotchedwa Eastgate, yotsegulidwa m'chaka cha 1996, imene Mick Pearce anailinganiza ataphunzira kayendedwe ka mpweya m'chulu. Usiku mpweya wozizira umakokedwa kuti uziziritse konkire, masana wotentha nkutulukira m'machumuni a padenga, ndipo m'zipupa zake mwalendewera zomera. Ofufuza apambuyo pake anaonetsa kuti chulu chimagwira ntchito mofanana kwambiri ndi mapapu koposa m'mene ankaganizira poyamba, koma nyumbayo ikuzizirabe ndi magetsi ochepa poyerekeza ndi zinzake. Ku Milan, m'dziko la Italy, nsanjika ziwiri zotchedwa Bosco Verticale zinatha kumangidwa m'chaka cha 2014 zili ndi mitengo mazanamazana m'makonde ake. Zimenezo nza eni ndalama. Chotiyandikira ife ndi ntchito ya Francis Kéré wa ku Burkina Faso, dziko lotentha ngati Malambo. Pa sukulu imene anamanga kwawo ku Gando m'chaka cha 2001 anagwiritsa ntchito njerwa za dothi zopanikiza, ndipo malata anawakweza pamwamba, kutali ndi siling'i ya dothi, kuti mphepo izidutsa pakati. Ndi mpata womwe uja wa pakati pa chipupa ndi tsindwi, wobwezedwa pansi pa malata. M'chaka cha 2022 iye anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, imene ili yaikulu koposa pa ntchito imeneyi.

NJOVU PAKHOMO

Pali chinthu chimodzi cha makolo chimene m'midzi yoyandikana ndi nyama chalephera ndithu, ndicho nkhokwe yoluka. Kale alenje a m'mudzi ndi mfuti zawo za gogodela anali kuchititsa njovu kuopa fungo la munthu. Lero kusaka kotero nkoletsedwa, ndipo njovu inaphunzira kuti dengu lalikulu loima pa miyendo lili ndi chakudya cha chaka chonse. Usiku umodzi umakwanira kuti banja lilowe m'njala. Chifukwa cha ichi, bungwe la Conservation South Luangwa, limene linayamba m'chaka cha 2003, lakhala likuthandiza anthu kumanga nkhokwe za njerwa ndi simenti zotchedwa felumbu, zimene chitamba sichingatsegule. Apa simenti yapambana nsungwi, ndipo tiyenera kuvomereza.

Koma kumunda chomera ndicho chabwereranso pa ntchito ya ulonda. Njovu imadana ndi tsabola. Alimi amapaka tsabola wosinja wosakaniza ndi oilo wakutha pa zingwe ndi nsanza zozinga munda, ena amaumba tsabola ndi ndowe za njovu yomweyo nazifukiza usiku kumbali yochokera mphepo. Tsabola ndi mbewunso imene njovu siidya, chotero ingathe kubzalidwa kumalire a munda ndi kugulitsidwa. Ku Kenya, Lucy King anaonetsa kuti ming'oma ya njuchi yolumikizidwa ndi waya imabweza njovu, popeza ikagwedeza waya njuchi zimatuluka. Uwu ndi mpanda wa nkhadze wa masiku ano: wamoyo, wodzisamala wokha, ndi wopatsa mwini wake kanthu kogulitsa.

Mitengo nayo ikubwerera m'minda mwa njira ina. Nsangu, umene umakhuthula masamba m'dzinja ndi kubiriwira m'chilimwe, makolo anali kuusiya m'munda podziwa kuti mapira a patsinde pake amabereka bwino. Lero alangizi akuphunzitsa zomwezo. Gliricidia, mtengo wochokera ku Central America umene unayesedwa zaka zambiri pa malo a kafukufuku a Msekera kufupi ndi Chipata, wafalitsidwa m'chigwa ndi bungwe la COMACO, loyambanso m'chaka cha 2003. Masamba ake ndi manyowa, ukadulidwa umaphuka, ndipo nthambi zake zimapereka nkhuni, mbaliro ndi mpanda wozika. Sufika pa tsanya kulimba, koma mtolo uliwonse wa nkhuni zake ndi tsanya mmodzi wosiyidwa chiimire.

Za njerwa, anansi athu a ku Malawi anaika malamulo m'chaka cha 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda akuluakulu, nalimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi zopanikiza ndi makina. Kuno kwathu lamulo la nkhalango la m'chaka cha 2015 linatsegula njira yakuti anthu a m'dera, movomerezedwa ndi mfumu yawo, alembetse nkhalango yawo ndi kuiyang'anira okha. Mphamvu imeneyi siili yachilendo kwa mafumu athu, pakuti kwa Jumbe ndi kwa Achewa komwe malo omangapo amaperekedwabe ndi nyakwawa ndi nduna za mfumu. Iye amene amaloza malire a puloti angathenso kuloza msikidzi kapena bwemba umene suyenera kugwa, monga akulu akale anali kuchitira polambula mudzi, ndipo angathe kunena tsiku limene tchire liyenera kuyamba kutenthedwa. M'midzi ina tsekera wayamba kugulidwa ndi ndalama chifukwa moto umafika akazi asanamwete, ndipo ogula ake aakulu ndi misasa ya alendo ija.

Ofolera odziwa ntchito yawo akalipo m'dziko la Jumbe, Mnkhanya ndi Kakumbi, ngakhale ambiri tsitsi layera. Mvula ikatha amaitanidwa kutchire kukamanga zipinda za alendo, ndipo anyamata amene amapita nawo kukawapatsira mitolo ndiwo okha akuphunzira kasanjidwe ka udzu, kanyikidwe ka mlaza ndi kapendekedwe koyenera ka tsindwi kuti madzi asaime. Masukulu a ntchito zamanja amaphunzitsa kuyala njerwa ndi kukhoma malata, ndipo satifiketi imaperekedwa pa zimenezo.